Sherman Jumbo pa sikelo ya 1/35: yezani chitsulo musanatsegule guluu

Pa akasinja a mtundu wa Sherman opitirira 49,000 amene America inapanga pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, 254 okha ndiwo anali a M4A3E2, amene ambiri timawadziwa ndi dzina loti Jumbo. Ndiye kuti pa akasinja 190 aliwonse, Jumbo anali mmodzi. Onsewo anatuluka ku fakitale imodzi, ya Fisher ku Grand Blanc m'chigawo cha Michigan, pakati pa May ndi July 1944, ndipo pambuyo pake sanapangidwenso ena.

Munthu akamuona patali amangoti ndi Sherman wamba wonenepa pang'ono, ndipo apa ndi pamene tizifanizo tambiri tapulasitiki ta sikelo ya 1/35 (tochepa ka 35 poyerekeza ndi kasinja weniweni) timalakwikira. Injini yake ndi Ford GAA yomweyo ya M4A3, magudumu ndi omwewo, mzinga ndi wa mamilimita 75 womwe uja. Chomusiyanitsa kwambiri ndi kuchindikala kwa chitsulo. Mukalephera kuonetsa kuchindikalako, kaya penti mupake yokongola bwanji, mwamanga M4A3 wamba n'kumulemba dzina la mnzake.

Chifukwa chimene anamupangira chimathandiza kumvetsa maonekedwe ake. Kuchiyambi kwa 1944 asilikali a America ankadziwa kuti akadzalowa ku Ulaya adzakumana ndi malinga olimba a Germany, koma kasinja wamkulu amene ankamuyembekezera, T26, anali asanakonzeke. Mu March 1944 anagwirizana zotenga thupi la M4A3 lomwe linali kale pa mzere wopangira, n'kuliwotcherera zigamba zachitsulo zochindikala mamilimita 38 kutsogolo ndi m'mbali. Kutsogolo kunafika mamilimita 102, kopendekeka madigiri 47, ndipo m'mbali zam'mwamba munafika mamilimita 76. Chivundikiro cha magiya chimene chili kumphuno anachiumba mwatsopano, chofika mamilimita 140 pamene chakhuthala kwambiri. Turret, nsanja yozungulira ija imene imanyamula mzinga, anaiumba potengera ya T23, imene inali pa Sherman wa mzinga wa mamilimita 76, koma makoma ake anafika mamilimita 152, ndipo chishango cha mzinga chinafika 178. Zonsezi zinamulemeretsa mpaka matani pafupifupi 38, pamene M4A3 wamba anali pa 31 kapena 32. Anasintha magiya otsiriza kuti injini ithe kukoka katunduyo, ndiye liwiro linatsika kufika makilomita 35 pa ola.

Tengani manambala amenewa muwagawe ndi 35, muwalembe papepala, mulimate pakhoma pamene mukugwirira ntchito. Chigamba cha mamilimita 38 chimakhala mamilimita 1.09. Khoma la turret limakhala 4.3. Chishango cha mzinga chimakhala 5.1. Mphuno imakhala 4.0. Kachipangizo koyezera ka vernier, ngakhale kapulasitiki kotchipa, n'kofunika pa ntchito iyi kuposa airbrush, kachipangizo kopopera penti.

Posankha kiti, bokosi la tizidutswa tapulasitiki tomangira kachifanizo, pali njira zitatu. Ya Tamiya ya nambala 35139 ndi yakale, ya m'zaka za m'ma 1980, ndipo imapezeka mosavuta ngakhale kwa anthu ogulitsa zimene anazisunga. Imalumikizana bwino, tizidutswa n'tochepa, koma amene anaiyeza amadandaula kuti turret yake ndi yaing'ono ndipo mphuno siinachindikale mokwanira. Kunsi kwa mapiko a thupi, pamwamba pa matcheni, anasiyako pululu, moti mukaunika ndi tochi pa chitseko cha woyendetsa kuwala kumatulukira pa magudumu. Ya Asuka, imene kale inkatchedwa Tasca, ndi ya Meng ndi zatsopano ndipo maonekedwe ake ndi olondola kwambiri, kungoti tizidutswa ta magudumu ndi matcheni n'tambirimbiri. Njira yachitatu ndi kutenga kiti ya M4A3 wamba ya zitseko zazikulu n'kuisandutsa nokha. Kwa amene akufuna Jumbo wolondola popanda kulimbana kwambiri, Asuka kapena Meng ndiye yankho. Koma ine ndimaona kuti amene wasandutsa yekha, kapena wakonza ya Tamiya, amamudziwa kasinjayu kuposa amene wangomata zokonzedwa kale, chifukwa chigamba chilichonse amachidula ndi manja ake monga anachitira amisiri a ku Grand Blanc. Zimene ndikufotokoza pansipa n'za njira yovutayo. Amene muli ndi kiti yatsopano mutengepo za zowotcherera, matcheni ndi penti.

Tiyambe ndi zigamba. Mufunika pulasitiki yophwatalala ya styrene yochindikala milimita 1.0. Ya Evergreen kapena ya Tamiya ndi yabwino, koma ikasowa, zikwangwani zina zapulasitiki zimene amagulitsa m'mashopu a zomangira ndi za mtundu womwewo. Muyese chonchi: dontheza guluu wamadzi wa pulasitiki pakona, dikirani masekondi 20, mukande ndi chikhadabo. Pakafewa n'kumamata, ndi styrene. Pakangouma osasintha, isiyeni, idzakusokonezani pambuyo pake. Pa zotengera zakudya, chizindikiro cha nambala 6 ndi zilembo PS chimatanthauza pulasitiki yomweyi, ngakhale nthawi zambiri imakhala yopyapyala, yoyenera tizigamba ting'onoting'ono.

Musayeze thupi ndi rula n'kukajambula pa pulasitiki, mudzaphonya ngodya. Matani tepi yapepala pa chifuwa cha kasinja, muidinde bwino m'mphepete, mudule ndi mpeni wakuthwa motsatira m'mphepetemo, kenako muimatule n'kuimata pa pulasitiki. Podula musakakamize kuti mpeni upyoze. Lembani mzere katatu kapena kanayi mopepuka motsamira rula yachitsulo, kenako pindani, ithyoka yokha mowongoka. Musanamate chigambacho chotsani zonse zotumphuka pa chifuwa: malo a nyali, malo a lipenga, tizitsulo totchinga nyali, ndi mphete zonyamulira. Pa zithunzi za Jumbo wa kufakitale chifuwa chimaoneka choyera, chopanda nyali zakutsogolo. Mphete zonyamulira ndi chogwirira mpope wa mzinga mudzazibwezeretsa pamwamba pa chigamba.

Pa mfuti yaing'ono ya pachifuwa, chigamba chenichenicho anachiboola bowo looneka ngati la kiyi wa loko wakale, lozungulira ndi kamchira, n'kuwotcherera m'mphepete mwake monse. Boolani ndi kadirilo kakang'ono kaye, mukulitse ndi tupa yozungulira pang'onopang'ono uku mukuyesa. Mukakulitsa mopitirira palibe kubwerera, mudula chigamba china. M'mbali, chigamba cha mbali iliyonse chinali cha zidutswa ziwiri zokhala ndi mpata woimirira pakati, wa mainchesi awiri, umene anaudzaza ndi zowotcherera kuti chitsulo chigwire pakati pomwe osati m'mphepete mokha. Pa sikelo yathu mpatawo ndi mamilimita 1.5. Mzere umenewu ndi chimodzi mwa zizindikiro zimene munthu wodziwa amayamba kufunafuna, choncho muonetsetse pa zithunzi pamene ukudutsa musanadule.

Pomata pamakhala vuto limene silionekera tsiku lomwelo. Guluu wamadzi amagwira posungunula pulasitiki. Mukamuthira wambiri pakati pa zidutswa ziwiri zophwatalala, alibe potulukira, ndiye amakhala m'katimo akudya pulasitiki mwakachetechete. Pakatha milungu iwiri kapena itatu, penti itapakidwa kale, mumangoona timaenje pa chifuwa. Njira yake ndi kuika chigamba pamalo chouma, kuchigwira ndi zopanira zovala, n'kuyendetsa burashi ya guluu m'mphepete mokha kuti alowe yekha. Ngati mukuopa kuti pakati padzatukuka, ikani timadontho titatu ta super glue pakatipo musanatseke. Mapiko otseguka a kiti ya Tamiya muwatseke nthawi yomweyi ndi pulasitiki ya mamilimita 0.5, thupi lam'mwamba ndi lam'munsi musanazilumikize.

M'mphepete mwa zigamba musamasalaze ngati galasi. Zitsulo zimenezi ankazidula ndi moto, ndipo moto umasiya timizere tating'ono todutsa m'kuchindikala kwa chitsulo. Pakani guluu pang'ono m'mphepetemo kuti mufewe, kenako dindani ndi msana wa mpeni motsatizana, mipata yosakwana theka la milimita. Zikauma mudutsepo kamodzi ndi sandipepala wa 600 kuti zisakhale ngati mano a sowo.

Zowotcherera ndiye mtima wa Jumbo, ndipo apa m'pofunika kudekha. Kiti yakale ya Tamiya inaonetsa mizere yowotcherera ngati tingalande tolowa m'kati, pamene pa kasinja weniweni imatumphuka kapena kufanana ndi chitsulo. Pali njira ziwiri zoikonzera. Yoyamba ndi ya ulusi wa pulasitiki. Dulani kamtengo ka sprue, pulasitiki imene imagwirizira tizidutswa m'kiti, kotalika masentimita 8, mukazungulize pamwamba pa kandulo, masentimita atatu kapena anayi kuchokera pa lawi, mpaka pakati pafewe n'kuyamba kugwa. Chotsani pamoto, dikirani sekondi imodzi, kokani mofatsa. Mukakoka msanga ulusi umapyapyala ngati tsitsi n'kuduka, mukachedwa umakhala wonenepa. Mukufuna wa mamilimita 0.5 mpaka 0.7. Ugonekeni pa mzere, muunyowetse ndi guluu wamadzi kawiri, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka ufewe ngati phala louma, kenako mudinde ndi kansonga kozungulira. Kapaipi kakang'ono kachitsulo kodulidwa theka kumapeto kamapereka maonekedwe a mamba a nsomba amene wowotcherera amasiya. Gwirani masentimita awiri kapena atatu pa nthawi imodzi, chifukwa guluu akauma pulasitiki imalimbanso ndipo mukaidinda imang'ambika m'malo mofewa.

Njira yachiwiri ndi ya putty, phala louma molimba lodzazira mipata, wa magawo awiri osakaniza, monga Milliput kapena Magic Sculp. Matani tepi mbali zonse ziwiri za mzere kusiya mpata wa milimita imodzi, ikanimo kachingwe ka putty, dindani ndi chida chonyowa, kenako matulani tepi putty asanaume. Mukadikira kuti aume, tepi imachoka ndi zowotcherera zanu zonse. Njira imeneyi ndiyo yabwino pa mpata wa pakati pa zigamba zam'mbali ndi pa bowo la kiyi lija, pamene zowotcherera zinali zazikulu, zodutsa kangapo mzere pamwamba pa mzere. Pamenepo musaike chingwe chimodzi chonenepa. Ikani zingwe zitatu zopyapyala moyandikana, chilichonse muchidinde pachokha.

Tsopano turret. Ya T23 imene inali pa Sherman wa mzinga wa 76 inali ndi makoma am'mbali a mamilimita 64. Ya Jumbo inali 152. Kusiyana kwake pa sikelo ndi mamilimita 2.5 mbali iliyonse, ndipo ameneyu ndi mnofu wambiri zedi pa kachifanizo. Musayese kuudzaza ndi putty wa m'chubu uja wonunkha thina. Ameneyo akachindikala amasungunula pulasitiki, amauma kunja kokha, ndipo amapitiriza kufwamphuka kwa milungu. Gwiritsani putty wa magawo awiri. Kuti musamangoganizira kuchindikala, dulani tizipilala ta pulasitiki totalika ndendende mamilimita amene mukufuna kuwonjezera, mumate 6 kapena 8 mbali iliyonse ya turret, kenako mudzaze putty mpaka mitu ya tizipilalato ingotsala pang'ono kubisika. Posalaza, mukaona mutu wa kachipilala waonekera, mwafika. Sakanizani magawo ofanana ndendende ndipo mukande mphindi zisanu mpaka mtundu ukhale umodzi. Akakhala ndi mizeremizere sauma bwino, amatsala ndi malo ofewa amene amakwinyika pansi pa sandipepala. M'nyengo yotentha ya October ndi November nthawi yogwirira ntchito imafupika, choncho sakanizani wochepa, wokwana mbali imodzi. Musiyeni usiku wonse musanamukhudze ndi tupa.

Makoma a turret ya Jumbo amaoneka oima, ngati a chimbiya, ndipo alibe kachitseko kam'mbali kotayira makatiriji kamene kali kumanzere kwa turret ya T23. Ngati kiti yanu ili nako, kametedwe. Pamwamba pamakhala chitseko cha mkulu wa kasinja chokhala ndi magalasi oonera mozungulira, ndi chitseko chozungulira motalika ngati dzira cha woika zipolopolo. Chishango cha mzinga chiyezedwe ndi vernier kuchokera kumbali: chikachepera pa mamilimita 5, chiwonjezereni ndi pulasitiki kumbuyo kwake. Mphuno ya magiya imafuna milimita imodzi yowonjezera pamene yatumphuka kwambiri, ndipo iyenera kuoneka yobuntha, osati yosongoka ngati ya M4A3 wamba.

Pa kasinja ameneyu pali zitsulo za mitundu iwiri ndipo khungu lake n'losiyana. Zigamba ndi thupi lam'mwamba ndi chitsulo chopsinjidwa ndi makina, chosalala, chongokhala ndi timabala apo ndi apo. Turret ndi mphuno anaziumba pothira chitsulo chosungunuka m'chikombole cha mchenga, ndiye khungu lake ndi lokhakhala. Kuti muonetse zimenezi pakani Mr. Surfacer 500, putty wamadzimadzi wa m'botolo, pa malo a masentimita awiri mbali zonse, dikirani masekondi 30, mugogode ndi burashi yakale yolimba imene mwaidula tsitsi kufupika. Zikauma bwino, dutsanipo mopepuka ndi sandipepala wa 800 kuti nsonga zigwe, patsale timaenje. Anthu ambiri amapitirira muyeso pamenepa. Chitsulo choumbidwa ku America chinali chosalala kuyerekeza ndi cha akasinja a Soviet Union, ndipo turret yooneka ngati khungwa la mtengo ndi ya T-34, si ya Sherman. Pa zigamba zophwatalala musagogodepo konse.

Matcheni ali ndi masamu akeake. Mbali iliyonse ya M4A3 ili ndi mfundo 79, ndiye zonse pamodzi ndi 158, ndipo mfundo zimalumikizidwa ndi tizitsulo ta kumapeto mbali zonse ziwiri, 316 tonse. Chifukwa cha kulemera, Jumbo ankatuluka ndi tizitsulo takunja totambalala tooneka ngati mlomo wa bakha, amene Amereka ankati duckbill, kuti asamatitimire m'matope. Tcheni wamba anali wa mamilimita pafupifupi 420 m'lifupi, ndipo ndi milomo ya bakhayo ankafika pafupifupi 510. Pa sikelo ndi kuchoka pa 12 kufika pa 14.6. Mtundu wofala pa zithunzi ndi T48, wa mphira wokhala ndi mzere wonga V. Milomo ya bakha inkathyoka kasinja akamakhota pa msewu wolimba kapena akagunda mwala, moti pa zithunzi za kunkhondo mumaona mipata. Kuchotsapo 5 kapena 10 mbali iliyonse, mosatsata dongosolo, n'kupindako ina iwiri, kumaoneka koona kuposa mzere wathunthu.

Cholakwika chimene chimabwerabwera ndi kulekerera tcheni kuti agwe pakati pa timagudumu tam'mwamba. Zimenezo n'za akasinja a Germany ndi a Soviet Union. Mfundo za Sherman zinali ndi mphira m'mapini mwake, ndipo tcheni ankamangidwa kolimba, choncho mzere wam'mwamba uyenera kukhala wowongoka. Ngati mukumata mfundo imodziimodzi, pangani kanjira ka timatabwa tiwiri tokhomedwa motalikirana mamilimita 12 kuti mzere usakhote. Matani mfundo 20 kapena 25, dikirani mphindi 20 mpaka 30 kuti guluu agwire koma asanaumitse, kenako zungulizani pa gudumu la mano. Mano alowe bwinobwino pakati pa tizitsulo takumapeto. Gudumu lakumbuyo musalimate mpaka pomaliza, chifukwa ndilo lokokera tcheni pa kasinja weniweni ndipo pa kachifanizo limakupulumutsani mukatsala ndi mpata wa theka la mfundo.

Kulemera kwa Jumbo kunali kutsogolo, ndipo masipuling'i a magudumu oyamba ndiwo ankavutika kwambiri. Ngati kiti yanu ili ndi mikono ya magudumu yoyenda, mutha kuonetsa zimenezi potsitsa mphuno ndi theka la milimita kapena milimita imodzi. Ikani kachifanizo pa galasi, mulowetse kapepala kochindikala pansi pa thupi kumbuyo, musindikize kutsogolo pang'ono, n'kuthira guluu m'mikonomo magudumu onse 12 akukhudza galasi. Gudumu limodzi lolendewera m'mwamba limachotsa matani onse 38 m'maso mwa woona.

Musanafike pa penti, sankhani tsiku ndi gulu la asilikali, chifukwa zimenezi n'zimene zikuuzeni mzinga woika. Akasinjawa anafika ku Ulaya m'miyezi yotsatira kutha kwa nkhondo ya ku Normandy, ndipo anayamba kumenya nkhondo chakumapeto kwa 1944. Jumbo pa gombe pa 6 June 1944, tsiku limene asilikali anatsikira ku France, kapena pakati pa mipanda ya ku Normandy ndi bodza la mbiri. Anatuluka onse ndi mzinga wa 75 chifukwa chipolopolo chake chophulika chinali champhamvu pogumula malinga kuposa cha 76. Koma popeza turret inachokera ku T23, kulowetsamo mzinga wa 76 sikunali kovuta, ndipo kuchiyambi kwa 1945 pafupifupi 100 anawasintha choncho kunkhondo komweko. Ntchito imene anaigwira kwambiri inali yotsogolera mzere wa akasinja pa msewu, kuti chipolopolo choyamba cha mdani wobisala chigwere pa chitsulo chochindikala.

Wodziwika kuposa onse ndi Cobra King, wa nambala 3083084, wa Company C mu 37th Tank Battalion ya 4th Armored Division. Madzulo a pa 26 December 1944, motsogozedwa ndi Lieutenant Charles Boggess, anadutsa m'mudzi wa Assenois n'kukumana ndi asilikali a 101st Airborne Division amene anazingidwa ku Bastogne m'dziko la Belgium. Mkulu wa battalion imeneyo anali Creighton Abrams, amene dzina lake lili pa akasinja a America a masiku ano. Tsiku limenelo Cobra King anali ndi mzinga wa 75, ndipo mawu oti First in Bastogne amene amaoneka pa thupi lake pa chithunzi china chotchuka analembedwa atafika kale. Mukamuonetsa ali pa msewu wa ku Assenois, mawuwo asakhalepo. Matumba a mchenga musamuunjikire, chifukwa anali wa Third Army, ndipo mkulu wa Third Army, George Patton, sankafuna matumbawo pa akasinja ake poti ankalemetsa magudumu ndi injini. Kasinjayu anakhala zaka zambiri ngati chikumbutso pa malo a asilikali ku Vilseck m'dziko la Germany asanazindikiridwe, ndipo lero ali ku National Museum of the United States Army ku Fort Belvoir.

Pali msampha wina pofufuza zithunzi. Kuchiyambi kwa 1945 Third Army inayamba kudula zitsulo pa akasinja owonongeka n'kuziwotcherera pa ma M4A3 a mzinga wa 76, ndipo Thunderbolt VII wa Abrams anali mmodzi wa amenewo. Amafanana ndi Jumbo koma si Jumbo: turret yawo ndi T23 wamba, zigamba zawo n'zodulidwa mosalongosoka, ndipo ambiri ali ndi magudumu a mtundu watsopano a matcheni otambalala. Manambala a Jumbo enieni amayambira pa 3082923 kulekezera pa 3083176. Nambala ya pa chithunzi kapena ya pa decal, kapepala ka zizindikiro komata pa kachifanizo, ikakhala kunja kwa pamenepa, ikayikireni.

Penti ndi Olive Drab, yobiriwira moderapo, thupi lonse. Tsukani kachifanizo ndi madzi a sopo wa mbale kuti mafuta a m'manja ndi fumbi la putty zichoke, kaume usiku wonse, mupake primer, penti yoyambira, mopyapyala. Primer wotuwa amaonetsa pamene putty sanalumikizane bwino ndi pulasitiki, ndipo pa turret yowonjezeredwa mudzapezapo malo awiri kapena atatu otero. Akonzeni tsopano. XF-62 ya Tamiya payokha imaoneka yakuda kwambiri pa chinthu chaching'ono, makamaka mukadzawonjezera vanishi ndi mafuta. Sakanizani magawo atatu a XF-62 ndi gawo limodzi la XF-60, yachikasu chodera, musungunule ndi thina wa X-20A wofanana ndi pentiyo kapena woposerapo pang'ono, mupope ndi mphepo ya 15 mpaka 18 psi kuchokera masentimita 8 kapena 10. Kukatentha kwambiri penti imauma isanafike pa pulasitiki n'kugwa ngati mchenga, makamaka m'makona a pansi pa turret. Yandikirani, tsitsani mphepo, onjezerani thina, kapena mupope m'mawa kusanatenthe. M'dzinja vuto limatembenuka: vanishi wosawala akapopedwa mvula ikugwa amayera ngati nkhungu. Zikachitika musakande, popanipo vanishi wowala mopyapyala tsiku louma, kuyerako nthawi zambiri kumachoka.

Ma decal amafuna pamalo posalala. Pa penti yosawala mpweya umatsekeredwa pansi pake ndipo m'mphepete mumanyezimira ngati siliva. Pakani vanishi wowala monga X-22 pamene pakhale nambala ndi nyenyezi, matani, kenako mutseke ndi vanishi winanso. Pa khungu lokhakhala la turret ndi bwino kupopa nyenyezi ndi pepala lobooledwa kusiyana ndi kulimbana ndi decal. Kumbukiraninso kuti asilikali ambiri ankazipaka matope kapena penti nyenyezi zoyerazo chifukwa zinkapatsa mdani poloza.

Pofuna kuti zowotcherera zanu zioneke, sungunulani penti yamafuta ya raw umber (yakhofi yodera), kadontho kofanana ndi njere ya mpunga mu supuni yaing'ono ya thina wa white spirit, muikhudzitse ndi burashi yosongoka m'mphepete mwa mizere kuti iyende yokha. Musasambitse kachifanizo konse. White spirit akadikha pa malo omatidwa amafooketsa pulasitiki, ndipo mikono ya magudumu ndi mfundo za matcheni zimathyoka zokha. Dzimbiri lichepe kwambiri. Akasinjawa anali ndi miyezi isanu mpaka isanu ndi iwiri chipangidwire pamene ankafika ku Bastogne, penti ya ku America inali yolimba, ndipo zowotcherera za pa chitsulo cha nkhondo zambiri sizinkachita dzimbiri, zikakhulika zinkawala. Pensulo yofewa yodutsitsidwa pamwamba pa mzere wowotcherera, pa mano a gudumu ndi pa milomo ya bakha imapereka kuwala koyenera.

Matope ndiwo ayenera kuchuluka, koma akhale a dziko lake. Dothi la katondo la kuseri kwa nyumba ndi lofiira, ndipo likapakidwa pa Jumbo limamusamutsa ku Ardennes, dera limene kuli Bastogne, n'kumuika kwina. Matope a ku Belgium ndi ku Lorraine m'nyengo yozizira anali oderapo, pakati pa khofi ndi phulusa. Dothi la kudambo losefedwa ndi sefa ya tiyi limayandikira. Liwotcheni pang'ono pa chiwaya chakale kuti lisadzachite nkhungu, musakanize magawo awiri a dothi, gawo limodzi la pulasitala ndi guluu woyera wa matabwa wosungunulidwa ndi madzi, mupake ndi burashi yakale kunsi kwa mapiko, kuseri kwa magudumu ndi pansi pa mphuno. Pamene matope ali aiwisi, pafupi ndi matcheni, dontheza vanishi wowala. Samalani kuti asakwirire mzere umene chigamba cham'mbali chikuthera kunsi, chifukwa pamenepo m'pamene kuchindikala kumaonekera bwino munthu akayang'ana chapansipansi.

Chipale chofewa ambiri amachipanga ndi soda wophikira, koma soda amayamwa chinyezi ndipo pakapita nthawi amasanduka wachikasu. Ufa woyera wa timipira ting'onoting'ono wotchedwa microballoons wosakaniza ndi vanishi wa acrylic susintha mtundu. Muuike pang'ono m'makona a pachifuwa, pa katundu womangidwa kumbuyo ndi pakati pa mfundo za matcheni, koma osati pamwamba pa injini, chifukwa Ford GAA ikamayenda malo amenewo amakhala ofunda ndipo chipale chimasungunuka n'kusiya chitsulo chonyowa. Pamenepo pakani vanishi wowala mopyapyala, muutsetserekere m'mbali ndi burashi ngati madzi oyenderera.